Sikopu ya m'mphuno ku ENT, kodi mphindi 5 mu Cidex zikukwana?

nesi_wapamphuno

Moni nonse akuluakulu a muno. Ndine nesi, andisamutsa kumene kuchoka ku wodi kupita ku kiliniki ya makutu, mphuno ndi pakhosi (ENT), nde pali chinthu chikundisowetsa mtendere ndati ndifunse kuno poti muno muli a ku theatre ndi ena oti zipangizozi mwakhala nazo nthawi yaitali.

Tili ndi sikopu imodzi yokha, yopindika ija yolowetsa m'mphuno mpaka kukaona kholingo. Ilibe kanjira ka mkati kopopera madzi kapena kotengera kanyama kokayeza (biopsy), ndi yongoonera basi. Tsiku la kiliniki imalowa mwa anthu ambirimbiri, wina mawu anasasa kalekale, wina akutuluka magazi m'mphuno, wina akumukaikira khansa ya pakhosi, ana oliza mkonono usiku, onsewo sikopu ndi yomweyo. Zimene ndapeza zikuchitika ndi izi, adokotala akamaliza amandipatsira, ine ndipukute ndi gauze wa sipiriti, kenako mbali yolowa m'mphunoyo ndiilowetse mu kachubu kamene kanamangiriridwa kukhoma muli mankhwala ophera tizilombo a Cidex, chogwirira chimatsala panja, ikhale mmenemo mphindi 5 kapena kuchepera ngati mzere watalika, nkutsukuluza pa mpope, kupukuta, wina alowe. Pa kachubupo sipanalembedwe tsiku limene mankhwalawo anathiridwa, ndikafunsa akuti amasintha akayamba kuoneka akuda. Madzulo timaibweza mu kasutikesi kake ka siponji kaja.

Anzanga amene ndawapeza akuti akhala akuchita chonchi kuyambira kale ndipo palibe anadwalapo, komanso akuti poti ilibe kanjira ka mkati siifuna zambiri ngati ma sikopu aja oonera m'mimba. Ine zikundivuta kuvomereza koma sindikufunanso kuoneka ngati mlendo wobwera ndi malamulo. Nde ndithandizeni, mphindi zimenezi zikukwana? Sipiriti ija ikuthandiza chani kwenikweni? Nanga chogwirira chotsala panjacho? Komanso ikamakwana masana maso amandiwawa ndipo mphuno imangochucha, kaya ndi mankhwalawa kaya ndi chimfine chabe.

mayi_a_theatre

Asisi mwachita bwino kufunsa, ndipo ndiyankhe mosazungulira, zimene mwalongosolazo sizikukwana. Zoti palibe anadwalapo musazitengere, munthu akatenga hepatitis B kapena TB lero zimakaonekera patapita miyezi ali kwawo, ndani angaganize zoti chinayambira pa kasikopu kamene kanalowa m'mphuno kwa mphindi ziwiri.

Zipangizo za m'chipatala timazigawa patatu potsata mmene anaikira katswiri wa za tizilombo Earle Spaulding, zimene mabuku ambiri amatchula kuchokera mu 1968. Zolowa m'magazi kapena mkati mwa thupi mopanda tizilombo zimafuna sterilization yeniyeni yopha tizilombo tonse, zongokhudza khungu labwinobwino ngati cha BP zimangofuna kupukuta, nde pakatipo pali zokhudza khungu lofewa lonyowa la m'mphuno, m'kamwa, pakhosi, zimene amati semi-critical. Sikopu yanuyo ili pamenepo ndipo imafuna high-level disinfection pakati pa peshenti aliyense, kutanthauza kupha mabakiteriya onse, mavairasi, mafangasi ndi tizilombo ta TB, kungotsala ma spore ena, timbewu tolimba ta mabakiteriya, akakhala ochuluka. Kukhala yopanda kanjira ka mkati kumapeputsa ntchito zoona, simuvutika ndi tiburashi ndi masirinji, koma sikuitsitsa gulu ayi. M'mphunonso simuchedwa kutuluka magazi, makamaka mwa amene ali ndi chotupa.

Pamene anthu ambiri amaphonya ndi poyambirira penipeni. Cidex ndi glutaraldehyde, ndipo glutaraldehyde amaumitsa ma protein nkuwamatirira pa chinthu, sipiriti nayonso imachita chimodzimodzi. Nde mamina, magazi ndi jelly uja mwapaka zikakhala zikadali pa sikopu inu nkupukuta ndi sipiriti kenako kuviika, mwazimata pompo, tizilombo tatsala pansi pake mankhwala sakutifikira, kuli ngati kudzola mafuta osasamba. Ikangotuluka m'mphuno, isanaume, ipukuteni ndi gauze wonyowetsa m'madzi a sopo wa enzyme kuchokera kuchogwirira kutsikira kunsonga, mosakoka mwamphamvu. Kenako leak test, kuyesa ngati siinabooke, imeneyo ndisiyira a ma biomedical okonza zipangizo afotokoze. Ikakhoza mayesowo itsukeni yonse mu beseni la madzi ofunda pang'ono a sopo yemweyo, osati otentha, sopoyo musungunule mmene zalembedwera pa botolo ndipo madziwo ndi a sikopu imodzi nkutaya. Tsukuluzani, pukutani iume. Kupukutako musakuderere chifukwa madzi amene amalowa nawo mu Cidex tsiku ndi tsiku ndi amene amamusungunula mpaka kutha mphamvu masiku ake asanakwane. Kutsuka kokhaku kukachitika bwino kumachotsa tizilombo topitirira 99.9 peresenti mankhwala asanayambe nkomwe ntchito.

Za mphindi. Glutaraldehyde wa 2 peresenti, malangizo a 2008 a CDC, bungwe loona za matenda la ku America, amati mphindi zosachepera 20 pa 20°C, ndipo apo ndi pamene chinthucho chatsukidwa bwino kale. Pa chigubu cha Cidex ku America amalemba zoposa apo, mphindi 45 pa 25°C. Nde 5 yanuyo siikuyandikira ndi pang'ono pomwe. Mwina amene anayambitsa 5 anasokoneza ndi Cidex OPA amene ndi mankhwala ena ngakhale dzina likufanana, ortho-phthalaldehyde wa 0.55 peresenti, ameneyo ku Ulaya amalola mphindi 5 pomwe ku America amati 12 pa 20°C ukamaviika pamanja. Kayang'aneni pa chigubu kuti muli ndi uti. Glutaraldehyde uja amabwera ndi kabotolo ka activator kothiramo nkusanduka wobiriwira, OPA safuna activator ndipo amathimbiriritsa khungu ndi nsalu kukhala zotuwa. Onse awiri akathiridwa mu beseni amakhala masiku osapitirira 14 pokhapokha chigubucho chitanena zina, nde tsiku lothira ndi lotaya zilembedwe pa chivundikiro, koma masikuwo paokha si umboni, pali timapepala ta test strip toviika kuti muone ngati mphamvu ikadalipo, OPA asatsike pansi pa 0.3 peresenti, glutaraldehyde wa mtundu umenewu pa 1.5. Kapepala kakakana mumataya ngakhale lili tsiku lachitatu. Kuona ndi maso kuti ada sikuuza munthu kanthu.

Kachubu ka kukhomako ine sindikakonda olo pang'ono. Taganizani dzanja la adokotala, lamanzere lagwira mphuno ya peshenti ndi waya wolowawo, kenako lomwelo lakonza focus, lagwira chingwe cha laiti, peshenti wayetsemula zonse zagwera pa chogwirira. Wotsatira akabwera magolovesi atsopano agwira chogwirira chakudacho nkupita pa mphuno yake. Ngati sikopu yanu ili yololedwa kumira yonse, imire yonse mu beseni lokhala ndi chivundikiro, lalikulu loti isapindike kwambiri. Ngati siyololedwa, chogwirira ndi poonera zipukutidwe pazokha ndi mankhwala amene kampani yake inavomereza. Komanso kachubu kameneko kodi kamatsukidwa liti pansi pake?

Potsukuluza napo pali nkhani. Mankhwalawa akatsalira amaotcha m'mphuno mwa munthu, OPA amafuna kutsukuluza katatu, ulendo uliwonse madzi atsopano ambiri kwa mphindi imodzi. Madzi a pa mpope amatha kukhala ndi tizilombo ngati Pseudomonas ndi ma mycobacteria a m'madzi, nde omaliza akhale sterile kapena odutsa mu fyuluta ya 0.2 micron, zikakanika tsukuluzani ndi a pa mpopewo kenako mupukute ndi alcohol wa 70 peresenti nkuumitsa. Apa ndi pamene sipiriti ili ndi malo, kumapeto. Mukatero ipachikeni choongoka mu kabati yoyera. Siponji ya mu sutikesi ija siitsukika, imamwa chinyezi, ndi yonyamulira popita kokakonzetsa basi.

co_wa_makutu

Amayi a theatre zonse mwanenazo ndi zoona za m'buku sindikutsutsa, koma tiyeni tiwerengere limodzi. Kupukuta, leak test, kutsuka, mphindi 20 mu mankhwala, kutsukuluza, kuumitsa, apo theka la ola lapita mwinanso kuposa. Sikopu ndi imodzi. Ndiye kuti m'mawa wonse ndaona anthu 6 kapena 7 pomwe panja pali mzere, ndipo pakati pawo pali bambo woti mawu anasasa miyezi itatu amene ndikamubweza lero mwina sabweranso, khansa ya kholingo nkumakula. Ngozi imeneyo nayonso ndi ngozi, kungoti siilembedwa mu buku la infection prevention. Ndikunena izi kuti asisi afunsawa amvetse kuti anzawowo sikuti ndi aulesi, anapanikizika nkupeza njira yachidule, yolakwika inde.

Ndiponso tivomereze kuti miliri ikuluikulu imene inamveka, ngati ija ya mabakiteriya osamva mankhwala ku America cha m'ma 2015, inali ya ma duodenoscope, ma sikopu olowa mpaka m'matumbo okhala ndi tinjira ndi kachitsulo konyamuka kunsonga kovuta kutsuka. Yathuyi ndi yosalala kunja konse.

Kwa ine yankho ndi kupeza njira yachangu imene ili yovomerezeka, ndipo zilipo. Ma wipes a chlorine dioxide, odziwika kwambiri ndi a Tristel aja atatu, choyamba chotsukira, chachiwiri umachithira thovu lake nkuchifinya m'manja masekondi 15 kuti mankhwala apangike, kupukuta sikopu yonse ndi chogwirira chomwe nkuisiya masekondi 30, chachitatu chotsukuluzira. Mphindi zochepa watha ndipo palibe fungo lotsamwitsa lija. Anapangira zipangizo zopanda kanjira ka mkati ngati yathuyi, ndipo ma kiliniki ambiri a ENT ku UK amagwiritsa zimenezi. Vuto lake zonse zili m'manja mwa wopukutayo, akalumpha malo palibe angadziwe, komanso peshenti aliyense paketi yake nde stock ikatha mwabwerera pomwe munali. Ina ndi sheath, kathumba koonekera kovalika sikopu ngati EndoSheath, ukamaliza umavula nkutaya. Koma kamayenera kukhala ka saizi ya model yanuyo, chithunzi nthawi zina chimachita mbuu laiti ikamanyezimira pa kawindo kake, ndipo ukavula umayenerabe kuyang'ana ngati sikanabooke, kutsuka ndi sopo wa enzyme nkupukuta ndi alcohol, kakabooka basi ndi high-level yonse. Kulinso makabati opha tizilombo ndi kuwala kwa UV-C ndi ma sikopu ogwiritsa kamodzi nkutaya ngati a Ambu, koma izo ndi za amene thumba lawo ndi lakuya.

Pamene zonsezi palibe, ine ndimasankha. Si aliyense wobwera ku ENT afunika sikopu, wa khutu lotuluka mafinya ayi, ambiri a mphuno speculum yokanulira mphuno ndi headlight zimakwana, kagalasi ka kholingo kakale kaja kakadagwirabe ntchito ndipo iko kamalowa mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha. Nde ndimasakaniza, wa sikopu mmodzi, a makutu awiri atatu uku ikuviikidwa, kenako wa sikopu wina. Anesi akamandandalika mafayilo m'mawa motero mzere umayenda ndithu.

fundi_wa_zipangizo

Ine ndi wokonza zipangizo, za tizilombo ndisiyira eni ake, ndinene za sikopuyo chifukwa mmene mukuichitiramo siikhalitsa, ndipo mukaipha imodzi yomweyo nkhani ya mzere ithera pomwepo kkkk.

Mkati mwa waya umene uja, woonda mamilimita atatu kapena anayi, muli timaulusi ta galasi masauzande tonyamula chithunzi ndi laiti, ndi timawaya tokoka nsonga kuti ipinde. Kunsonga kopindikako kuli labala wopyapyala kwambiri womatidwa ndi guluu mbali zonse, ndipo malo amenewo ndi amene amayamba kubooka. Kabowo kake ndi maso simungakaone. Mukaviika yobooka mankhwala amalowa mkati, chithunzi chimayamba chifunga, timawaya timachita dzimbiri, nsonga nkusiya kupinda, komanso magazi ndi mamina zimalowa momwemo moti simungathe kuzitsukamo, nkumatulukanso mukaipinda m'mphuno mwa wina. Leak test ntchito yake ndi imeneyo. Kampope kake kali ngati ka BP kokhala ndi geji, mumalumikiza pa kavavu ka pa sikopu zonse zili zouma, kupopa mpaka muvi ufike pamene buku lake lanena, nkupinda nsonga mmwamba ndi pansi uku mukuyang'ana muvi. Ukamatsika ndiye kuti ikutuluka mpweya. Ikakhoza apo mutha kuimiza m'madzi oyera mpweya uli momwemo nkuyang'ana ngati pakutuluka tithovu tondondozana, tija tongomatirira kunja tiwiri titatu si kanthu. Ituluke m'madzi kaye musanaphwetse mpweya. Ikalephera musaiviike ndipo isalowenso mwa munthu, ipukuteni kunja, ikulungeni mu pulasitiki, lembani kuti siinaphedwe tizilombo kuti ife kuno tidziwe pogwira. Kusintha labala yekha ndi ntchito yaing'ono, madzi akalowa nthawi zambiri ndi kusintha mtolo wonse wa magalasi.

Chenjerani ndi tizivundikiro. Ma fiberscope ambiri, awa a timaulusi ta galasi, a Olympus mwachitsanzo, amabwera ndi kachivundikiro ka ETO (dzina la gasi wophera tizilombo) kamene kamatsegula vavu kuti mpweya uzituluka nthawi ya gas sterilization kapena paulendo wa pandege, kameneko kakakhala pamenepo inu nkuviika, madzi alowa. Pomwe ma video scope ena ndi mosemphanitsa, ali ndi chivundikiro chotchinga madzi pa connector chimene chimayenera kuvalidwa musanaviike. Nde musaloweze za sikopu ina, pezani buku la model yanuyo, likasowa lembani nambala ya model pa intaneti mulipeza, muli mndandanda wa mankhwala ololedwa.

Zimene zimandibweretsera ntchito kawirikawiri ndi izi, kuiwala sikopu mu mankhwala usiku wonse kapena weekend yonse poganiza kuti ikakhalitsa ndiye iyera kwambiri, guluu amafewa. Kuviika mu sipiriti, labala amauma nkuchita ming'alu, kupukuta kamodzi komaliza kuja kulibe vuto koma kuviika ayi. Klorini wa 0.5 peresenti amene tinazolowera kuponyamo zitsulo, ameneyo amadya chitsulo ndi guluu yemwe, ndipo buku la WHO la 2016 la katsukidwe ka zipangizo linanena kuti kuviika zida mu klorini zisanatsukidwe kusiyidwe. Autoclave ndiye musayerekeze, 121°C kapena 134°C imatuluka itapsa, zinthuzi sizifuna kutentha kopitirira 60°C. Kwinako ndi kupana nsonga ndi chivundikiro cha beseni kapena drawer, ndi kuvula sheath nsonga ili yopinda, loko ali wotseka. Mukasuzumira nkuona timadontho takuda pa chithunzi, ndi timaulusi tothyoka timeneto, sitibwerera ndipo timangochuluka.

Achimwene a CO (clinical officer), ma wipes anuwo ndi abwino koma leak test siichoka poti simukuviika, bowo likadalowetsabe zoipa. Ndipo muone kaye ngati kampani ya sikopu yanu inavomereza chlorine dioxide, kuti tsiku lokakonzetsa asadzakukanireni.

nesi_wapamphuno

Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri. Ndakayang'ana chigubu, ndi glutaraldehyde wa activator uja osati OPA, nde 5 ija ilibe pogwira. Kampope ka leak test ndakapeza mu sutikesi momwemo pansi pa siponji kakadali mu pepala lake. Ma test strip palibe, ndilemba pa order.

Funso lina amayi, kuno amati odwala HIV ndi amene akukaikiridwa TB aziikidwa kumapeto kwa mzere ndipo akatha iwowo sikopu ikhale mu Cidex ola lathunthu, ena onse mphindi zochepa zija. Kodi zimenezi zili ndi nzeru? Za maso anga ndi mphuno palibe wanenapo.

mayi_a_theatre

Pepani asisi za masozo zinandipulumuka. Kwambiri ndi glutaraldehyde ameneyo, makamaka poti kachubu kanuko kamakhala kotsegula tsiku lonse m'chipinda momwe mukupumiramo. Amawawitsa maso, mphuno ndi pakhosi, amatupitsa khungu la m'manja, ndipo choopsa ndi mphumu imene ikakuyamba chifukwa cha iyeyu ngakhale kafungo kochepa kamadzakutseka pachifuwa. Ku UK anamuchotsa pa msika mu 2002 nkhani yake inali yomweyi ya anesi. Onani ngati zimasiya masiku amene simuli ku ntchito, zikakhala choncho kanenedwe kwa akuluakulu ndipo zilembedwe, mukayamba kumva kulira m'chifuwa kapena kutsokomola usiku musadikire. Beseni likhale lovundikira nthawi zonse, likhale m'chipinda china chopita mphepo osati momwe muonera odwala, valani magogolosi, epuloni ya pulasitiki ndi magolovesi a nitrile aatali. Kamasiki ka pepala kaja nthunzi yake imangodutsa. OPA fungo ndi lochepa koma nayenso si madzi, mu 2004 anachenjeza kuti asagwiritsidwe pa zipangizo zoonera chikhodzodzo mwa odwala khansa ya chikhodzodzo chifukwa ena amene ankaonedwa mobwerezabwereza anachita anaphylaxis, thupi kukana mankhwala moopsa, ndipo inu ku ENT mulinso ndi anthu a khansa obwera kudzaonedwa kawirikawiri, nde kutsukuluza katatu kuja musakudule.

Tsopano za kumapeto kwa mzere. Pa nkhani ya sikopu zilibe nzeru. Inu mukudziwa okhawo amene anayezetsa nkukuuzani, nanga uja walowa woyamba amene sakudziwa kuti ali ndi hepatitis B? Katsukidwe kamayenera kukhala kamodzi kwa aliyense, kokwanira kupha chovuta kwambiri. Ndipo HIV amene anthu amamuopa kwambiriyo ndi mmodzi mwa osavuta kupha, ali ndi chikuta cha mafuta chimene chimasweka msanga ndi mankhwala. Hepatitis B amapatsirana mosavuta kuposa HIV ndipo amakhala wamoyo pa chinthu chouma masiku 7 kapena kuposa. Kolimba ndi kachilombo ka TB chifukwa khungu lake ndi la phula, mphindi 20 zija anaziika poyang'ana iko. Nde mukachita 20 mutatsuka bwino mwakwanitsa onse, ola lathunthu likungokalambitsa sikopu, komanso kumuika munthu kumapeto chifukwa cha status yake ndi tsankho loti ena pa benchi amaliona.

Wa TB yekha ndingavomere kuti aonedwe payekha kapena pomaliza, koma chifukwa chake ndi mpweya wa m'chipinda. TB ya pa kholingo imapatsirana kwambiri, munthu amabwera ngati wa mawu osasa chabe, sikopu ikamukhudza amatsokomola pamaso panu. Apo masiki a N95 kwa inu ndi adokotala, mawindo otsegula, chipinda chipume kaye asanalowe wina, ndipo asakhale pa benchi ndi anzake m'mawa wonse kudikira kumapetoko, bola kumupatula msanga.

Pali ziwiri zimene mankhwala athuwa amakaikitsa. HPV, amene amayambitsa njerewere za pa kholingo ndi khansa zina za pakhosi, kafukufuku wa mu 2014 anaonetsa ngati glutaraldehyde ndi OPA samupha, ena a mu 2021 anapeza kuti OPA amamupha, akatswiri akukanganabe. China ndi ma prion, ma protein oyambitsa matenda a muubongo otchedwa CJD, amenewo high-level disinfection siiwagwira ndipo ma aldehyde amangowamatirira, ndi osowa kwambiri koma ku UK anawaganizira kwambiri chifukwa mu mtundu wake wa vCJD amapezeka ndi mu ma tonsil momwe. Zoterezi ndi zimene zimafunitsa kaundula. Kabuku wamba kokha, tsiku, nthawi, nambala ya fayilo ya peshenti, nambala ya sikopu, leak test yakhoza kapena ayi, yalowa mu mankhwala nthawi yanji yatuluka nthawi yanji, strip yasonyeza chani, watsuka ndani. Mawa lab ikakuuzani kuti uja munamuona Lachiwiri ali ndi TB yosamva mankhwala mumatsegula nkuona amene anabwera pambuyo pake. Kabukuka kamakutetezaninso inuyo, wina akamakufulumizitsani mumangoti ndilembe kuti yatuluka pa mphindi zingati, ambiri amangokhala chete. Gulani ka timer kolira kakhale pa beseni pomwepo.

Kwa a CO, za kusakaniza odwala ndagwirizana nazo kwambiri. Koma mawerengedwe anu aja ndi amene muyenera kupita nawo kwa a management, kuti sikopu imodzi ikutha anthu akutiakuti pa tsiku ikatsukidwa moyenera, otsalawo akubwerera. Mukamabisa vutolo podula mphindi iwo amaona ngati imodzi ikukwana ndipo yachiwiri sadzagula.

co_wa_makutu

Apo mwandigwira amayi, ndilemba kalatayo, ngakhale mukudziwa mmene makalata amayendera. Pa HPV paja ine ndingakondebe chlorine dioxide kwa ana a njerewere za pa kholingo amene timawaona mobwereza, mpaka akatswiriwo adzagwirizane.

Chimodzi chimene tonse sitinatchule, kabotolo kopopera mankhwala ochititsa dzanzi a lidocaine m'mphuno. Kansonga kake kamalowa m'mphuno mwa aliyense ndipo ndaonapo malo ambiri kakungopukutidwa ndi thonje, sikopu mwaisamala bwinobwino koma kameneka kakuyenda mphuno ndi mphuno. Ngati tinsonga totaya tilipo sinthani pa munthu aliyense, ngati palibe bola kunyowetsa kathonje ndi mankhwalawo nkuika m'mphuno ndi forceps yoyera. Jelly nayenso finyirani pa gauze, osagunditsa sikopu kukamwa kwa chubu. Mankhwala oletsa chifunga pa lens chimodzimodzi.

A fundi, yathu yayamba timadontho takuda tingapo chakumbali koma pakati pakuoneka bwino, leak test ikukhoza. Tipitirize kapena titumize?

fundi_wa_zipangizo

Ngati leak test ikukhoza ndipo madonthowo sakukubisirani chimene mukufuna kuona pitirizani, kutumiza chifukwa cha timadontho tochepa ndi kungokhala miyezi opanda sikopu. Koma jambulani ndi foni poonerapo mutalozetsa nsonga pa pepala loyera, musunge chithunzicho, mwezi wamawa mujambulenso. Akamachuluka msanga ndiye kuti pali amene akuipinda kwambiri, kawirikawiri ndi pamene waya umalumikizana ndi chogwirira, mwina beseni ndi laling'ono kapena akuigoneka pa trolley chogwirira chikulendewera. Muyendetsenso chala chovala golovesi pa labala wa kunsongayo, mukamva kukhakhala kapena guluu watukuka m'mphepete itumizeni ngakhale muvi usakutsika, chifukwa pamenepo pamasunga zoipa ndipo pangathe kukanda munthu m'mphuno.